Kusintha timakina ta magemu akale kuti tiziyendetsa makompyuta a m'ma 1980: kuyerekeza njira zisanu

Kuyambira mu 2016, pamene kampani ya Nintendo inatulutsa NES Classic Edition, makampani angapo akhala akugulitsa timakina tating'ono tooneka ngati makina a magemu a kalekale, tokhala ndi magemu owerengeka m'kati mwake ndi waya wa HDMI wolumikizira ku TV. M'kati mwa timakina timeneti mulibe chakale chilichonse. Muli purosesa ya ARM ya mtundu womwe umapezeka m'matabuleti otchipa, muli Linux yochepetsedwa, ndiponso muli emulator yotsanzira kagwiridwe ntchito ka makina akalewo. Popeza zili choncho, kamakina kamene kanapangidwira magemu a Nintendo kapena a Sony kangathe kuyendetsanso Commodore 64, ZX Spectrum, Amiga, Atari ST, MSX kapena magemu a DOS, malinga ngati mwiniwake wapeza khomo lolowetsera mapulogalamu ake.

Njira zimene zayerekezedwa pano ndi zisanu: timakina ta Nintendo, PlayStation Classic ya Sony, THEC64 ndi THEA500 Mini za kampani ya ku Britain ya Retro Games Ltd, komanso Raspberry Pi, imene si kamakina ka magemu koma imagwira ntchito yomweyo. Mitengo imene yatchulidwa ndi ya pa nthawi imene chinthucho chinkatuluka kumene, chifukwa mitengo ya zogwiritsidwa kale ntchito siikhazikika.

Zoyenera kuyang'ana musanagule

Choyamba, chimenenso chimaposa zina zonse, ndi kiyibodi. Makina monga NES anapangidwa kuti munthu azingoika katiriji n'kugwira padi, pamene makompyuta a nthawi imeneyo ankadikira kuti mwiniwake alembe kanthu. Pa Commodore 64, imene inatuluka mu 1982, munthu ankalemba LOAD"*",8,1 kuti gemu iyambe kuwerengedwa pa disiki, ndipo magemu ambiri amafuna kuti mudine F1, F3 kapena RUN/STOP musanayambe kusewera. Pa ZX Spectrum ya 48K, ya chaka chomwecho, batani la J ndilo limatulutsa mawu akuti LOAD, kenako munthu amadina Symbol Shift pamodzi ndi P kawiri. Ma emulator a masiku ano amadzichitira okha zambiri mwa zimenezi, koma gemu ikafika pokufunsani mabatani oyendetsera, kapena ikakhala ya mtundu wolemba mawu ouza munthu wa m'gemu kopita, kiyibodi ya pa sikirini yoyendetsa ndi padi imatopetsa msanga. Amiga nayo imafuna mausi. Choncho musanafunse za purosesa, werengani mabowo a USB amene kamakinako kali nawo, ndipo mudziwe ngati mabowowo amapereka magetsi okwanira kiyibodi, mausi ndi fulashi nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi malo amene kusinthako kumalembedwa. Njira zina zimakhala pa fulashi basi, moti mukaizula kamakina kamabwerera momwe kanachokera kusitolo. Njira zina zimalemba kernel yatsopano, imene ndi mtima wa Linux, m'memori ya m'kati, ndipo pamenepo ndi pamene pali ngozi yeniyeni, makamaka kwa amene amakhala kumene magetsi amazimazima monga m'madera ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia. Mwayi wake ndi wakuti timakina tonse ta makampani amenewa timayendera magetsi a 5V a pa USB, kotero pawabanki yodzaza bwino kapena laputopu yokhala ndi batire lamoyo imachepetsa kwambiri vutoli pa mphindi zochepa zolembazo.

Chachitatu ndi mphamvu. Makompyuta a 8-bit safuna zambiri: purosesa ya Commodore 64 inkathamanga pafupifupi 1 MHz, ya Spectrum 3.5 MHz, ndipo ma emulator monga Fuse, Caprice32, Atari800 ndi blueMSX amayenda pa kamakina kalikonse kamene katchulidwe pano. Emulator ya VICE ili ndi mitundu iwiri yotsanzira Commodore 64, wina wopepuka ndi wina wolondola kwambiri koma wolemera, ndipo timakina tofooka timakwanitsa bwino wopepukawo. Amiga 500 ya mu 1987 ndi nkhani ina, chifukwa pambali pa purosesa ya Motorola 68000 ya 7 MHz, emulator iyeneranso kutsanzira timachipi ta Agnus, Denise ndi Paula tikugwira ntchito pamodzi. Amiga 1200 ya mu 1992 imalemera kuposa pamenepo, ndipo magemu a DOS a nthawi ya purosesa ya 486 ndi amene amagwetsa timakina tambiri.

Chachinayi chimaiwalika kawirikawiri. Magemu ambiri a Commodore 64, Spectrum ndi Amiga analembedwa ku Ulaya, kumene TV inkaonetsa zithunzi 50 pa sekondi. Kamakina kotulutsa 60 Hz kokha kamachititsa kuti chithunzi chizidukizadukiza gemu ikamayenda cham'mbali, kapena kuti gemu ndi nyimbo zake zizithamanga kuposa momwe zinapangidwira.

Chomaliza ndi mafayilo a ROM amene kompyuta iliyonse imadzukira. Amiga siidzuka bwino popanda Kickstart, imene mpaka pano ili ndi eni ake, ndipo njira yovomerezeka yodziwika yoipezera ndi kugula Amiga Forever ya kampani ya Cloanto. Atari ST imafuna TOS, ngakhale kuti pali EmuTOS yaulere imene imayendetsa mapulogalamu ambiri koma osati onse. Kampani ya Amstrad, imene inali mwini wa Spectrum, inalola kalekale kuti ROM ya Spectrum izigawidwa pamodzi ndi ma emulator. Magemu enieniwonso ali ndi eni ake, ndipo fulashi zogulitsidwa zitadzaza kale magemu zikwizikwi sizikhala ndi chilolezo cha aliyense.

NES Classic ndi SNES Classic za Nintendo

Timakina tiwiriti timasiyana kunja kokha. M'kati mwa tonse muli chipi cha Allwinner R16 chokhala ndi magawo anayi a Cortex-A7, RAM ya 256 MB ndi memori yosungira ya 512 MB. Pulogalamu yosinthira ndi Hakchi2 CE, imene imayenda pa kompyuta ya Windows. Mumalumikiza kamakinako ndi waya wa micro-USB wodutsa data, mumagwira batani la Reset n'kudina Power, ndipo kamakina kamalowa m'chimene chimatchedwa FEL, njira yolola kompyuta kulemba m'memori yake, pomwe Hakchi imasunga kope la kernel yoyambirira isanaikemo yake. Zikatero mumaika RetroArch, pulogalamu yoyendetsa ma emulator ambiri pamalo amodzi, ndi ma emulator amene mukufuna.

Mtengo. NES Classic inatuluka mu Novembala 2016 pa madola 59.99 ili ndi magemu 30, ndipo SNES Classic inatsatira mu Seputembala 2017 pa madola 79.99 ili ndi magemu 21. Popeza anthu osunga zinthu za Nintendo amazilimbirana, yeniyeni yosawonongeka imagulitsidwa kawirikawiri pa mtengo woposa woyambawo. Muwonjezerepo adaputa ya OTG, yolola kulumikiza kiyibodi kapena fulashi pa bowo la micro-USB, ndi hub yochulukitsa mabowo a USB.

Kupezeka. Nintendo inasiya kupanga tonse tiwiri chakumapeto kwa 2018, kotero totsala ndi togwiritsidwa kale ntchito, tochokera ku Britain, South Africa, America kapena Japan. Tachinyengo tachuluka kwambiri. Timakina tooneka ngati NES tolembedwa kuti tili ndi magemu 620, timene timapezeka m'misika ndi m'masitolo a zinthu zotchipa, tilibe Linux m'kati ndipo palibe chimene mungasinthe. Palinso tina tokopera katoni ya Nintendo mwaluso, timene Hakchi singatizindikire n'komwe.

Kusamalira. Malo osungira amaoneka ochepa koma si vuto kwa makompyuta a 8-bit. Fayilo ya disiki ya Commodore 64 ndi ya pafupifupi 170 KB, moti 100 MB imanyamula madisiki pafupifupi 600, pamene disiki ya Amiga ndi ya 880 KB ndipo magemu ambiri ali ndi madisiki awiri kapena kuposerapo. Chovuta ndi mabowo. A kutsogolo ndi a mtundu wa padi ya Wii, osati USB, kotero kiyibodi, mausi, fulashi ndi magetsi zonse zimadutsa pa kabowo kamodzi ka micro-USB ka kumbuyo, zimene zili ngati kulowetsa katundu yense wa m'nyumba kudzera pa windo. Magemu ayeneranso kugawidwa m'mafoda ang'onoang'ono, chifukwa akachuluka pa tsamba limodzi kamakina kamaonetsa uthenga wa vuto wa C8.

Zoopsa. Ngakhale kuti njirayi imalemba m'kati, kuphetsa kamakinaka n'kovuta, chifukwa FEL ili m'chipi momwemo pamalo posafufutika, ndipo munthu amene wasunga kope la kernel amatha kubwezeretsa zonse. Kopelo lisungidwe m'malo awiri. Chimene sichikonzeka ndi chakuti chithunzi chimatuluka pa 720p ya 60 Hz, ndipo Amiga imayenda mokakamiza. Mega Drive Mini ya Sega ya mu 2019 ili ndi mphamvu zofanana ndi zimenezi ndipo imasinthidwa ndi Hakchi kapena Project Lunar, koma ili ndi mwayi wakuti mabowo ake a padi ndi a USB.

PlayStation Classic ya Sony

Kamakina aka kanalandiridwa moipa katatuluka mu Disembala 2018, makamaka chifukwa magemu 9 mwa magemu ake 20 anali a mtundu wa PAL, wa TV za ku Ulaya za 50 Hz, woyenda pang'onopang'ono. Komabe m'kati mwake muli mphamvu zoposa za timakina ta Nintendo kutalitali: chipi cha MediaTek MT8167A cha magawo anayi a Cortex-A35 pa 1.5 GHz, RAM ya 1 GB ndi memori ya 16 GB. Anthu anakatsegula pasanathe masabata, chifukwa kiyi yotetezera mapulogalamu ake inasiyidwa m'kamakina momwemo. Njira ziwiri zodziwika ndi AutoBleem ndi Project Eris, imene inalowa m'malo mwa BleemSync. Pa zonse ziwiri mumakonza fulashi mwa FAT32, mumaipatsa dzina lakuti SONY m'zilembo zazikulu, mumakoperamo mafayilo, ndipo mumailowetsa m'bowo lachiwiri la padi musanayatse.

Mtengo. Inayamba pa madola 99.99 koma inatsika kufika pa madola pafupifupi 60 mwezi womwewo usanathe, ndipo inatsikabe mu 2019. Kuyambira pamene anthu anadziwa zimene ingachite ikasinthidwa, ogulitsa anasiya kuitaya motchipa. M'katoni munalibe chaja, kotero mufunika ya 5V yopereka 1A kapena kuposerapo.

Kupezeka. Siipangidwanso, koma zinagulitsidwa zambiri ndipo zachinyengo sizinafale ngati za Nintendo. Pogula, onetsetsani kuti mapadi ake awiri alipo, ngakhale kuti alibe timitengo ta analog.

Kusamalira. Pano ndi pamene munthu amataya nthawi yambiri, ndipo chifukwa chake ndi magetsi a m'mabowo awiri a kutsogolo, amene Sony inawachepetsa mwadala kuti azikwanira padi yokha. Fulashi zambiri za USB 3.0 zimakoka magetsi oposa pamenepo, moti kamakina kamangodzuka ngati kuti mulibe kanthu, kapena kamazima pakati pa gemu. Fulashi yaing'ono yakale ya USB 2.0 ndi imene imagwira ntchito kawirikawiri. Yankho lokhalitsa ndi kuika kernel yosinthidwa, imene imatsegula OTG pa bowo la kumbuyo n'kulola fulashi ya exFAT kapena NTFS, ndipo mabowo awiri a kutsogolo amatsala a padi ndi kiyibodi. Zikafika pamenepo, VICE, Fuse, Hatari ya Atari ST, PUAE ya Amiga, ScummVM ndi DOSBox zimayenda m'RetroArch, ndipo magemu a Amiga 500 ndi a DOS a zaka zoyambirira amayenda bwino kuposa pa kamakina kalikonse ka Nintendo kapena ka Sega. Dziwaninso kuti magulu amene analemba mapulogalamuwa anachepetsa ntchito zaka zapitazi, kotero zimene mukupeza lero ndi zimenenso mudzakhale nazo.

Zoopsa. Kulemba kernel pa kamakina aka n'koopsa kuposa pa ta Nintendo, chifukwa kukabweza kakafa kumafuna luso lochuluka, ndipo nthawi zina mpaka kukatsegula m'kati. Amene sakufuna chiopsezo chimenechi angathe kukhala pa AutoBleem yoyendera pa fulashi yokha. Hub yotchipa yokhala ndi chaja chake imatha kubwezera magetsi m'bowo la kamakina, zimene zingawononge bowolo. Kuzula fulashi kamakina kasanazime bwinobwino kumawononga mafayilo.

THEC64 Mini ndi THEC64 yaikulu

Kusiyana kwa njira iyi ndi ziwiri zoyambazo ndi kwakuti kampani yokha inalola kuti munthu aziika mapulogalamu ake. Firmware ya Retro Games Ltd, pulogalamu imene imabwera m'kamakinako, imawerenga mafayilo a D64, T64, TAP, PRG ndi CRT pa fulashi, ndipo ili ndi kanjira kanzeru kouzira emulator zochita kudzera m'dzina la fayilo. Magemu ambiri a Commodore 64 amawerenga joystick pa bowo lachiwiri, koma gemu yowerenga pa loyamba imakonzeka mwa kungowonjezera _J1 kumapeto kwa dzina lake, ndipo yovuta kudzuka imathandizidwa ndi AD, imene imauza emulator kuti itsanzire chowerengera madisiki molondola ngakhale kuti zitenga nthawi. Wofuna makompyuta ena amagwiritsa ntchito PCUAE, pulogalamu ya anthu okonda makinawa imene imakhala pa fulashi n'kuwonjezera VICE yathunthu, RetroArch, Atari ndi Amiga.

Mtengo. Mini inatuluka mu 2018 pa madola 79.99 ili ndi magemu 64. Yaikulu inatuluka mu Disembala 2019 pa mapaundi 109.99, ndipo imayendetsanso VIC-20, kompyuta ina ya Commodore.

Kupezeka. Mini siivuta kupeza, makamaka ku Britain ndi ku Ulaya, ndipo nthawi zambiri ndi yotchipa kuposa zina zonse zimene zatchulidwa pano. Yaikulu imasowa ndipo imadula kutumiza chifukwa cha kukula kwa katoni yake.

Kusamalira. Kiyibodi ya Mini ndi yongokongoletsa, mabatani ake sadinika. Mabowo a USB ndi awiri, limodzi la joystick ndi lina la fulashi, kotero kiyibodi yeniyeni imafuna hub. Yaikulu ili ndi mabowo anayi ndi kiyibodi yogwira ntchito yokhala ndi mabatani onse pamalo pake, kuphatikizapo RUN/STOP, RESTORE ndi zizindikiro zojambulira zolembedwa pa mabataniwo. Kwa munthu wofuna kuphunzira BASIC, chilankhulo cholembera mapulogalamu, kapena kuphunzitsa mwana, kiyibodi imeneyi ndi chifukwa chokwanira chogulira yaikulu. Imalolanso kusankha pakati pa 50 Hz ndi 60 Hz.

Zoopsa. Mini ili ndi chipi cha Allwinner A20 cha magawo awiri okha ndi RAM ya 256 MB, ndipo ndiyo yofooka pa zonse. Makompyuta a 8-bit imawakwanitsa, koma kuyembekezera Amiga yosalala pa kamakina aka n'kudzinamiza. Joystick imene inkabwera ndi Mini zoyambirira ndi yolimba poikankha ndipo yambiri inathyoka, pamene ya THEC64 yaikulu inakonzedwa bwino. Musanaike PCUAE, werengani ngati mtundu wake ukugwirizana ndi firmware imene muli nayo, ndipo ganizirani kawiri musanasankhe njira yoti izidziyambira yokha poyatsa, popeza imeneyo imakhudza za m'kati.

THEA500 Mini

Mtengo. Inatuluka mu Epulo 2022 pa mapaundi 119.99 kapena madola 139.99, ili ndi magemu 25, mausi yooneka ngati ya Amiga yoyambirira ndi padi. Ndiyo yodula pa timakina tonse, koma mtengowo ukuphatikiza Kickstart yovomerezeka, imene pa njira zinazo mumagula padera. Chaja mulibe.

Kupezeka. Popeza ndi yatsopano poyerekeza ndi zinzake, mwayi woipeza isanatsegulidwe kapena ili yosatha kwambiri ndi waukulu. Kampani yomweyo inatulutsanso THE400 Mini ya makompyuta a Atari mu Malichi 2024 ndi The Spectrum yokhala ndi kiyibodi yogwira ntchito mu Novembala 2024, ndipo zonse zimawerenga magemu pa fulashi popanda kusintha chilichonse.

Kusamalira. M'kati muli Allwinner H6 ya magawo anayi a Cortex-A53 ndi RAM ya 512 MB, ndipo emulator yake inachokera ku emulator ya Amiga yotchedwa Amiberry. Ngakhale dzina lake likutchula Amiga 500, imatsanziranso Amiga 600 ndi Amiga 1200. Mumatenga paketi ya WHDLoad, pulogalamu yodzutsira magemu a Amiga popanda madisiki, pa webusayiti ya kampaniyo, mumaiika pa fulashi ya FAT32 pamodzi ndi magemu a mtundu wa LHA, ndipo magemu amene kale ankafuna kusinthasintha madisiki amadzuka ngati ali pa hadi disiki. Firmware yotsatira inawonjezera kuwerenga mafayilo a ADF, omwe ndi makope a madisiki a Amiga. Mabowo a USB ndi atatu, a mausi, padi ndi fulashi, kotero kiyibodi imafunabe hub chifukwa ya pa kamakinako siidinika. Wofuna makompyuta ena amaika Pandory500, imene imakhala pa fulashi ngati gemu wamba ya WHDLoad, ndipo mukaisankha pa mndandanda imatsegula RetroArch ndi ma emulator ake. Pa njira zonse zoonjezera makompyuta ena pa kamakina ka kampani, iyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yaukhondo, chifukwa siilemba kanthu m'memori ya m'kati ndipo 50 Hz ilipo kale.

Zoopsa. Mapulogalamu oterewa amalowera pa khomo limene kampani siinalonjeze kuti lidzakhala lotsegula, moti firmware yatsopano ingathe kulitseka kapena kusokoneza zimene zinkayenda. Musathamangire kuika firmware iliyonse musanamve kwa ena amene ayesa. RAM ya 512 MB ndi theka la ya PlayStation Classic, kotero magemu olemera a DOS asayembekezeredwe.

Raspberry Pi

Mtengo. Pi 4 inatuluka mu Juni 2019 kuyambira pa madola 35, ndipo Pi 5 inatuluka mu Okutobala 2023 pa madola 60 ya 4 GB. Mitengo imeneyi imanyenga, chifukwa ndi ya kabolodi kokha, popanda chaja, khadi la microSD, waya wa micro-HDMI, kabokosi ndi padi, ndipo zonsezi zikaphatikizidwa ndalama yake imayandikira ya THEA500 Mini. Pi 400 ya mu Novembala 2020 inkagulitsidwa madola 70 yokha kapena madola 100 pamodzi ndi mausi, chaja ndi khadi.

Kupezeka. Pa njira zisanuzi, iyi ndi imene ikupangidwabe mosalekeza, ndipo ku South Africa ndi ku Britain kuli ogulitsa ovomerezeka. Ikawonongeka mumagula ina n'kusamutsa khadi.

Kusamalira. Palibe chotsegula mokakamiza pano. Mumalemba pa khadi Batocera, Recalbox kapena RetroPie, zimene ndi Linux yokhala kale ndi ma emulator, ndipo ma emulator ake amakonzedwabe mpaka lero. Amiberry pa Pi 4 imayendetsa Amiga 1200 mosavuta, ndipo DOSBox imafika patali kuposa pa timakina tonse tinato. Pi 400 ndi kompyuta ya m'kati mwa kiyibodi monga momwe zinalili Commodore 64 ndi Amiga 500, ndipo ili ndi mabowo atatu a USB opanda vuto la magetsi. Wokonda Commodore yokha amene ali ndi Pi 3 yakale angaikepo BMC64, imene imayendetsa VICE popanda Linux n'kudzuka m'masekondi ochepa. Mtengo wa ufulu wonsewu ndi nthawi: mabatani a padi, kukula kwa chithunzi, 50 Hz, mafoda a ROM, zonse mumakonza nokha.

Zoopsa. Khadi la microSD limawonongeka magetsi akazima pamene likulembedwa, kotero khalani ndi kope lake. Pi 4 imafuna chaja cha USB-C chopereka 3A, ndipo chaja wamba cha foni chimaichititsa kuchepetsa liwiro. Pi 5 imafuna magetsi oposa pamenepo ndiponso chozizilitsira, zimene zikutanthauza kuti si pawabanki iliyonse ingaiyendetse.

Kusankha molingana ndi zimene muli nazo

Amene ali kale ndi NES Classic kapena SNES Classic yeniyeni, ndipo akungofuna kulawa magemu a Spectrum, MSX kapena Commodore 64 oseweredwa ndi joystick, aike Hakchi2 CE, chifukwa sataya ndalama ndipo chiopsezo chake n'chochepa. Koma kugula kamakina ka Nintendo lero ndi cholinga choyendetsa makompyuta sikwanzeru, popeza mumalipira dzina n'kulandira kamakina kopanda bowo lapadera lolowetsera kiyibodi.

Amene akufuna makina ambiri osiyanasiyana m'kabokosi kamodzi, makompyuta pamodzi ndi makina a magemu, ndipo saopa kutaya masana amodzi akuyesa fulashi zingapo, PlayStation Classic ndi imene imapereka mphamvu zochuluka pa timakina ta makampani. Ayambe ndi AutoBleem, ndipo kernel ailembe pokhapokha atatsimikiza kuti akufunadi OTG, kamakina katalumikizidwa ku pawabanki.

Amene mtima wake uli pa Commodore 64 agule THEC64 yaikulu ngati akufuna kulemba mapulogalamu, kapena Mini ndi hub ngati akufuna magemu okha ndipo ndalama n'zochepa. Amene mtima wake uli pa Amiga, makamaka ngati sakufuna kuvutika ndi nkhani ya Kickstart, THEA500 Mini ndiyo yake, ndipo Pandory500 idzamupatsa makompyuta a 8-bit pa fulashi yomweyo. Wofuna Atari ya 8-bit kapena Spectrum yokha asasinthe chilichonse, agule THE400 Mini kapena The Spectrum.

Amene alibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo akuyenera kuitanitsa kunja n'kulipira zotumizira ndi msonkho, aganizire Pi 400 kapena Pi 4 poyamba, makamaka ngati akufuna Amiga 1200, Atari ST ndi DOS, kapena ngati kompyutayo izigwiranso ntchito zina kunyumba. Sukulu kapena gulu la achinyamata lofuna makina angapo ofanana lisankhenso Pi, chifukwa khadi limodzi lokonzedwa bwino limakoperedwa pa makina onse, ndipo ena owonjezera adzapezeka atsopano chaka chamawa.